Ma developer athu akuikana platform, ndichite bwanji?

Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Ndimagwira ntchito pa kampani ina ku Ginnery Corner kuno ku Blantyre. Anthu atatu tinakhetsa thukuta miyezi 8 kumanga platform yoti ma developer athu (olemba mapulogalamu a kompyuta) azitumizira code ku seva mosavuta, kudzera pa GitLab (posungira code) ndi Kubernetes (yoyendetsera mapulogalamu pa seva). Koma eni akewo sakuigwira n'komwe. Dzulo ndinapeza mnyamata wina akukopera mafayilo ku seva pamanja. Akuti zathuzo zimachedwa, ndipo intaneti ikaduka pipeline (ndondomeko yotumizira code ku seva) imayambiranso pachiyambi. Kunena zoona, sitinawafunse tisanayambe kumanga, apo ndiye tinaphonya.

Abwana akuti tingowakakamiza. Ine mtima ukukana.

Inu amene munadutsamo, mumatani kuti anzanu a mu ofesi muziwatenga ngati makasitomala? Nanga mumayeza chiyani kuti mudziwe kuti platform ikuwathandizadi?