Seva ya makhadi awiri: yachiwiri ikulandira koma yankho silikufika

Wofunsa: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndili ndi seva ya Ubuntu 22.04 yokhala ndi makhadi awiri a network. Khadi yoyamba, eth0, ili pa 192.168.10.5/24, gateway yake (khomo lotulukira kupita ku ma network ena) 192.168.10.1. Yachiwiri, eth1, ili pa 10.20.0.5/24, gateway 10.20.0.1. Makompyuta a mu 10.20.0.0/24 momwemo akuifikira bwinobwino. Koma wochokera kutali, wodutsa pa router, akagogoda pa 10.20.0.5 kumangoti zii. Ping (yoyesera ngati seva ikuyankha) sikubwerera, SSH (yolowera mu seva uli kutali) imangodikira mpaka nthawi kutha. Default gateway ndaika pa makhadi onse awiri, chingwe ndasintha, palibe chasintha.

Wamaseva: Chingwecho chilibe mlandu, achimwene. Uzani wina wakutaliko achite ping, inu mutsegule `tcpdump -ni eth1 icmp`, kenako chimodzimodzi pa eth0. Mutiuzenso zomwe `ip route` ikuonetsa.

Wofunsa: Zoonadi! Request ikulowera pa eth1, koma reply ikutulukira pa eth0. Ma default route (njira ya mapaketi opita kutali) alipo awiri, wa eth0 metric 100, wa eth1 metric 200.

Wamaphunziro: Kodi kungozimitsa rp_filter, chitetezo chomwe chimataya mapaketi olowera khomo losayembekezeka, sikungathetse? Ndinaona ena amaika 0.

Wachitetezo: Ayi, musakhudze zimenezo. rp_filter ikanakhala kuti ikutaya mapaketiwo, seva sikanayankha n'komwe, koma apa ikuyankha, kungoti yankholo likutulukira khomo lina. Chomwe chikulitaya mwina ndi firewall ya kutsogolo kwa eth0, yomwe ikuona reply ya zokambirana zomwe sinaone chiyambi chake, ndiponso ndi adiresi ya 10.20.0.5 yomwe si yakwawo. Kumasula chitetezo kuti vuto libisike ndimakana.

Wamaseva: Mwanena zoona, mayi. Nkhani yonse ili apa: kernel ya Linux posankha njira imayang'ana kopita paketi, osati khadi yomwe funso linalowera. Ma default route akakhala awiri mu table (mndandanda wa njira) imodzi, wa metric yochepa ndiye amapambana, winayo amangokhala phee. Choncho eth1 ikufunika table yakeyake, ndi lamulo lonena kuti chilichonse chochokera pa 10.20.0.5 chigwiritse ntchito table imeneyo:

`ip route add 10.20.0.0/24 dev eth1 src 10.20.0.5 table 100`
`ip route add default via 10.20.0.1 dev eth1 table 100`
`ip rule add from 10.20.0.5 table 100`

Mzere woyambawo anthu ambiri amaudumpha. Popanda iwo, ngakhale mayankho opita kwa oyandikana nawo a mu 10.20.0.0/24 adzayamba kuzungulira pa gateway. Nambala ya table sankhani iliyonse kuyambira 1, kupatula 253, 254 ndi 255, chifukwa imeneyo ndi ya default, main ndi local. Mukalemba `ip rule` muona lamulo lanu lakhala pamwamba pa 32766, pomwe pali main, ndiye likuwerengedwa poyamba. Default route wachiwiri wa mu main uja mutha kumuchotsa. Yesani ndi `ip route get 8.8.8.8 from 10.20.0.5`, iyenera kunena eth1.

Wofunsa: Ping yabwera, SSH yalowa. Zikomo kwambiri, akulu. Koma chatsala chimodzi: tili ndi pulogalamu yolemba tokha yomwe imamvetsera pa UDP, iyo ikuyankhirabe pa eth0.

Wachitetezo: Onani ndi `ss -ulnp`. Ndikukhulupirira ikumvetsera pa 0.0.0.0, kutanthauza pa maadiresi onse a seva. TCP imasunga adiresi yomwe kasitomala anagogodapo, ndiye lamulo la `from` limaigwira. UDP yomvetsera pa 0.0.0.0 potumiza yankho imakhala isanasankhe adiresi yotumizira, kernel ndiye imapita ku main n'kutenga ya eth0. Imangirireni pa 10.20.0.5, kapena amene anailemba agwiritse ntchito IP_PKTINFO kuti aziyankha ndi adiresi yomwe paketi inafikirapo.

Wofunsa: Inalidi pa 0.0.0.0. Ndaimangirira, yatheka.

Wamaseva: Musanatseke, kumbukirani kuti malamulo a `ip` amenewa amafufutika seva ikazimitsidwa. Alembeni mu netplan, momwe Ubuntu imasunga makonzedwe a network, pansi pa eth1: ma route awiriwo mu `routes` ndi `table: 100`, lamulolo mu `routing-policy`. Popeza mukulowa pa SSH, gwiritsani ntchito `netplan try`, osati `apply`. Mukadzitsekera kunja, pakatha masekondi 120 imabwezeretsa zakale yokha.

Wofunsa: Ndalemba, ndayesa ndi `try`, ndaiyatsanso seva. Makhadi onse awiri akuyankha, aliyense pakhomo pake.