Buku la mtsikana wamasiye lija ndalimaliza

Masabata awiri apitawo ndinafunsa ngati ndipitirize kuwerenga buku lija la mtsikana wa zaka 15 amene makolo ake onse anamwalira pangozi. Ndinali nditafika pakati, ulesi utayamba kundigwira. Ambiri mwa inu munati ndilimbike, zokoma zili kutsogolo. Ndinalimbikadi, ndalimaliza dzulo usiku, koma ndakhumudwa.

Chiyambi chake ndimachikondabe. Pali pomwe mtsikanayo akutsegula kabati n'kupeza juzi ya mayi ake ikununkhirabe mafuta awo odzola, n'kuivala ngakhale kunja kukutentha. Pamenepo ndinaika buku pansi, misozi ili mbwembwembwe. Amene anatayapo kholo akudziwa kuti chisoni chimabisala m'tinthu tating'onoting'ono ngati timeneti.

Koma kuyambira pakati, wolemba anachita ngati watopa nawo maliro. Kungobwera mnyamata wa kusukulu, basi nkhani yonse yasanduka ya chibwenzi. Azakhali amene anamutenga kukamulera, omwe nawonso anali atataya mlongo wawo, angosanduka munthu wolalata pakhomo. Sitimva n'komwe kuti iwowo akulira bwanji akatseka chitseko usiku. Apa m'pamene pandipweteka kwambiri.

Mapeto ndiye anangothamangitsa. M'masamba ochepa chabe mtsikana wapita kumanda, walira kamodzi, wachira. Ine bambo anga anatisiya ndili ndi zaka 14, ndipo mpaka lero ndikamva fungo la sopo amene ankametera ndevu, ndimaima chilili, chonena n'kusowa.