Ma slide a 3D akundiwawitsa mutu, vuto ndi kamera kapena kaikidwe ka m'mafelemu?

Mnyasa_waku_Leeds:
Akuluakulu thandizeni. Ndili ndi kamera yakale ija ya malenzi awiri yojambula zithunzi ziwiri nthawi imodzi, china cha diso lamanzere china cha lamanja, Stereo Realist, yomwe anayamba kuigulitsa mu 1947 ku America. Filimu ya ma slide ya Provia anditsukira bwinobwino, ndadula ndaika m'mafelemu a katoni koma ndikayang'ana mu viewer (kachipangizo koonera zithunzi ziwirizo pamodzi) maso akungokokana mutu kuwawa, ndiye pa zithunzi zina phiri likubwera kutsogolo munthu amene anali pafupi akulowa mkati. Kamera yatha eti?

Gogo_Filimu:
Kamera ilibe mlandu achimwene. Za phiri kubwera kutsogolozo ndiye kuti chithunzi cha diso lamanzere chili kumanja. Lenzi imatembenuza chithunzi, ndiye filimu mukaiimika bwino ziwirizo zimakhala zasinthana malo, muyenera kuzisinthanso nokha. Komanso pa Realist zithunzi za peya imodzi siziyandikana, pakati pake pamakhala zina ziwiri za mapeya ena, samalani podula. Mutu kuwawako kawirikawiri ndi chithunzi chimodzi chakwera kuposa chinzake kapena chapendekeka, olo pang'ono chabe maso sapirira zimenezo, anazolowera kusuntha cham'mbali basi.

Mnyasa_waku_Leeds:
Zosinthanazo zatheka, zikomo kwambiri. Nanga kutalikirana kwa ziwirizo ndiyeza bwanji?

Nachisale3D:
Apa ndi pomwe pali ntchito yeniyeni. Felemu muziiona ngati windo la nyumba, zonse zizioneka kuseri kwake. Mukatalikitsa tizidutswa ta filimuto zinthu zimabwerera mmbuyo, mukatiyandikitsa zimatulukira kutsogolo. Pezani chinthu chapafupi kwambiri, makamaka chokhudza m'mphepete ngati nthambi kapena phewa la munthu, chikhale pa windo penipeni kapena kuseri pang'ono, chifukwa chikatulukira kutsogolo koma m'mphepete mwachidula ubongo umasokonezeka. Poyesa tsinzinani diso limodzi kenako linalo, lamanzere liziona zochepa kumbali yamanzere kuposa lamanja, zikakhala choncho muli bho. Koma musatalikitse mopyola, maso athu atalikirana pafupifupi mamilimita 65 ndipo sangathe kuyang'ana kunja onse awiri nthawi imodzi. Pa filimu ya 35mm mukayeza kutalikirana kwa chinthu chimodzi pa zithunzi ziwirizo, kusiyana kwa chapafupi ndi chakutali kusapitirire 1.2mm kwambiri, nchifukwa chake pa Realist amati chinthu chisayandikire kuposa mamita awiri ngati kumbuyo kuli mapiri. Chomwe munajambula pafupi kwambiri felemu singachikonze, mwina kungosankha ya bowo laling'ono kuti mubise m'mphepetemo.

Gogo_Filimu:
Ndipo katoniyo isiyeni ngati mungathe, sakani mafelemu apulasitiki a RBT aku Germany, ali ndi timano tolowa m'mabowo a filimu ndiye mumangosuntha pang'onopang'ono osamata tepi. Gwirirani pa tebulo lowala pansi, valani magolovesi a thonje. Ngati mudzaonetse pa projekita apo ndiye muyeze kawiri, kolakwika kosaoneka mu viewer pa sikirini yaikulu kamalizitsa anthu misozi.