Kututira alimi zokolola pa lole, mtengo mumauwerengera bwanji?

Soya_ndi_chimanga:
Akuluakulu ndithandizeni nzeru. Ndili ndi lole ya matani 10 yomwe ndinagula kuti ndizitutira zokolola zanga, koma zanga zikatha imangokhala pabwalo, ndiye alimi anzanga akuti ndiziwanyamulira chimanga ndi soya kukagulitsa. Mtengo nditchule bwanji, pa thumba, pa thani kapena pa kilomita? Chaka chatha ndinayesa pa thumba, ndalama zimalowa ndithu tsiku ndi tsiku koma nyengo itatha ndinapeza kuti ngakhale ya matayala palibe.

Dalaivala_wakale:
Achimwene munagwera pomwepo pa thumbapo. Matumba a makilo 50 mu matani 10 ndi 200, masamu ake amaoneka osavuta eti, koma thumba silidziwa mtunda, wa makilomita 8 ndi wa makilomita 60 akulipirani chimodzimodzi? Chinanso chomwe ambiri amaiwala nchoti lole imabwerera yopanda kanthu, ndiye ngati kogulitsira kuli makilomita 40 inu muwerengere 80, dizilo saona kuti kumbuyo kulibe katundu. Yanga imamwa malita pafupifupi 25 pa makilomita 100, ulendo umenewo ndi malita ngati 20, osawerengera oyilo, matayala, sevisi, inshuwaransi, malipiro a dalaivala ndi anyamata opakira.

Ine ndimachita chonchi, pali ndalama yoyambira yomwe siyisintha ngakhale munda uli pafupi bwanji, kenako pamwamba pake ndimaika ya pa thani pa kilomita. Ulendo waufupi ndi umene umapusitsa kwambiri, mumayenda mphindi 20 koma kupakira ndi kutsitsa kwadya theka la tsiku.

Mayi_mlimi:
Ine ndiyankhule ngati wolipira kkkk. Pa thani ndi bwino inde koma samalani mtundu wa mbewu bambo. Mpendadzuwa ndi wopepuka kwambiri kuposa chimanga, lole imadzaza mpaka pamwamba kulemera kwake kusanafike pa matani 10, ndiye mukatchula mtengo umodzi pa thani mudzalira nokha. Komanso chimanga chosauma bwino chimalemera, ogula ambiri amafuna chinyontho cha 13 kapena 14 peresenti, chikapitirira amadula makilo kapena kubweza lole yonse, ndiye mugwirizane msanga kuti zikatero ulendo wachiwiriwo alipira ndani. Ine zinandichitikirapo, mvula inatipeza panjira tenti ili yong'ambika pakona, matumba apamwamba ananyowa onse, tinakangana ndi mwini lole mpaka pano sitipatsana moni bwinobwino. Muziyeza pa sikelo popakira ndi potsitsa, onse awiri mukuona.

Soya_ndi_chimanga:
Zikomo mayi, za mpendadzuwazo sindinaziganizepo nkomwe. Koma a Dalaivala, ndikawerengera zonsezo mtengo wanga ukwera kuposa wa ena, alipo wina amanyamula motchipa kwambiri ndipo anthu amathamangira kwa iye.

Dalaivala_wakale:
Musiyeni ameneyo, akudya lole yake osadziwa. Galimoto imatha tsiku lililonse ikamayenda, injini, masipuling'i, mabuleki, ndiye amene amangowerengera dizilo ndi chakudya cha dalaivala amaona ngati wapeza phindu pomwe akungogulitsa lole pang'onopang'ono. Tengani mtengo womwe munagulira, chotsanipo womwe mungadzagulitsire, zotsalazo mugawe ndi makilomita omwe mukuyembekeza kuyenda nayo, ndalama imeneyo pa ulendo uliwonse muziisunga padera osaikhudza. Ndipo otchipawo nthawi zambiri amabwezera podzaza mopitirira muyeso, akafika pa sikelo ya pamsewu chindapusa chimadya za sabata yonse.

Za kudikira musachite manyazi, nenani poyamba kuti maola awiri ndi aulere, kupitirira apo pali yowonjezera. Pa nthawi yokolola mzere wa kogulitsira umatalika, ine ndinagonapo pa mzere usiku wonse ndi katundu wa munthu, ulendo umodzi m'malo mwa atatu.

Mayi_mlimi:
Koma yodikirayo musamupanikize nayo mlimi ngati wochedwetsa ndi wogula, gawanani. Ndipo mukapeza katundu wobwerera naye, kaya feteleza kaya mbewu, mutichotsereko pang'ono nafenso tione kukoma.

Soya_ndi_chimanga:
Feteleza wobwerera nayeyo ndiyamba kufunsiratu kwa ogulitsa sabata ino. Tenti nayonso ndiisoke kaye, yanga ili ndi bowo pakona pomwepo kkkk.