Kodi lamulo lachilungamo lotengera ma prospect mu ligi ya fantasy baseball lingakhale lotani?

Woyang'anira ligi walemba:

Akuluakulu, ndikupempha nzeru kwa inu amene mwasewera maligi a dynasty kwa nthawi yaitali. Ligi yathu ndi ya fantasy baseball, masewera a pa intaneti amene munthu amasankha osewera enieni a baseball n'kumapeza mapointi malinga ndi mmene asewerera. Ili ndi matimu 12, timasewera pa tsamba la Fantrax, ndipo timu iliyonse imasunga osewera ake chaka ndi chaka, monga zimakhalira m'maligi a dynasty. Eni matimufe ndife obalalika: ambiri ali ku America, ena ali ku London ndi ku Johannesburg, ndipo ena ali kumudzi ku Lilongwe. Pa osewera amene akhazikika kale mu MLB, ligi yaikulu ya baseball ku America, sitikangana. Mkangano wathu uli pa ma prospect, anyamata amene akadali m'maligi ang'onoang'ono koma akuyembekezeka kudzachita bwino akadzakwezedwa.

Lamulo limene tili nalo ndi lakuti amene wayamba kudina ndiye watenga. Tsono nkhani zakuti mnyamata wakutiwakuti akukwezedwa zimamveka kawirikawiri madzulo kapena usiku wa ku America, masewera akatha. M'nyengo ya ligi, 9 koloko usiku ku New York imakhala 2 koloko ku London ndi 3 koloko m'bandakucha ku Lilongwe ndi ku Johannesburg. Mtolankhani Jeff Passan wa ESPN akangolemba pa X, pakatha mphindi ziwiri mnyamatayo amakhala atatengedwa kale, ndipo anzathu a kumudzi amadzuka n'kupeza zonse zitatha. Mmodzi wa iwo wanena kuti zikapitirira chonchi chaka chamawa asiya. Anzathu a ku America nawo akuti kutsatira nkhani ndi mbali ya masewerawa, ndipo munthu sangalangidwe chifukwa chokhala tcheru.

Palinso timu ina imene yadzaza benchi yonse ndi anyamata a Single-A, limodzi mwa magawo apansi a maligi ang'onoang'ono, ikugonja sabata iliyonse, ndipo mwini wake sakudandaula n'komwe. Kodi m'maligi anu mumachita bwanji kuti aliyense akhale ndi mwayi wofanana, popanda kupha khama la amene amafufuzadi osewera?

Wa ku Baltimore wayankha:

Zikomo bambo pobweretsa nkhaniyi. Anzanu a ku America akusakaniza zinthu ziwiri zosiyana, zimene ndi kufufuza osewera ndi kukhala maso pa ola loyenera. Choyambacho ndi luso, chachiwiricho chimangodalira kumene munthu amakhala. Taonani nkhani ya Juan Soto. Mu 2018 anayamba nyengo ku Hagerstown, imene inali timu ya Single-A ya Washington Nationals, anadutsa mwachangu magawo otsatira a High-A ndi Double-A, ndipo pa 20 Meyi anali atasewera kale mu MLB ali ndi zaka 19. Amene anamuona mu Epulo akadali ku Hagerstown n'kumutenga ndiye anachita khama loyenera mphotho. Amene anangodina usiku umene nkhani inamveka kuti wakwezedwa sanafufuze kanthu, anangokhala ndi foni m'manja pamene ena anali mtulo. Lamulo labwino liyenera kupindulitsa woyambayo.

Ife tinasiya makomo awiri okha olowera mnyamata m'timu. Khomo loyamba ndi draft ya kamodzi pachaka, pamene matimu amasankha osewera mosinthanasinthana. Timaichita mu Febuluwale, ndipo mweziwu tinausankha dala, chifukwa draft ya MLB imachitika mu Julaye kuyambira 2021, ndipo anyamata a ku Dominican Republic, Venezuela ndi maiko ena amayamba kusaina pa 15 Januwale. Pofika Febuluwale magulu awiri onsewa amakhala atadziwika matimu awo. Aliyense amene wangolowa kumene m'dongosolo la MLB, kaya mu Julaye kapena mu Januwale, sakhudzidwa mpaka tsiku la draft yathu, ngakhale dzina lake litaoneka kale pa Fantrax. Popeza ndife obalalika ngati inu, sitiichita usiku umodzi ayi. Munthu aliyense amapatsidwa maola 12 kuti asankhe, ndipo amene akudziwa kuti nthawi yake idzamupeza ali mtulo kapena kuntchito amasiyiratu mndandanda wa mayina amene akuwafuna.

Khomo lachiwiri ndi la anyamata amene anatsala osasankhidwa koma ayamba kuwala m'kati mwa nyengo. Amenewa timawapikisanira mwachinsinsi ndi ndalama zongoyerekeza, zimene m'maligi ambiri zimatchedwa FAAB. Timu iliyonse imapatsidwa madola 1,000 nyengo ikamayamba ndipo sawonjezeredwanso. Sabata yonse munthu amaika mtengo wake popanda kuona wa mnzake, ndiyeno Lamulungu usiku kompyuta imatsegula zonse nthawi imodzi n'kupereka wosewera kwa amene waika zambiri. Amene waika mtengo Lachiwiri ku Lilongwe ndi amene waika Lamulungu ku Chicago amakhala pamzere umodzi. Ndikulangizani madola 1,000 osati 100, chifukwa ndi 100 anthu amafanana mitengo kawirikawiri. Akafananabe, wosewera azipita kwa timu imene ili pansi pa ndandanda.

Ubwino wina wa njirayi ndi wakuti kusankha kulikonse kumakhala ndi mtengo wake. Amene waponya madola 400 pa mnyamata mmodzi mu Meyi amadziwa kuti mu Ogasiti adzangoonerera anzake akugula. Dongosolo la waiver losinthana malo pamzere, limene limapereka wosewera kwa timu imene ili patsogolo kenako n'kuibweza kumbuyo, limathetsa vuto la maola, koma limachititsa anthu kuopa kutenga wosewera wapakatikati, posunga malo oyamba podikira dzina lalikulu limene mwina silibwera.

Wa ku Johannesburg wayankha:

Ndikugwirizana ndi achimwene a ku Baltimore pa za FAAB, koma sananene kuti pa draft ya Febuluwale amayamba kusankha ndani, ndipo pamenepo ndi pamene pagona vuto lanu lachiwiri. Mukanena kuti timu yomaliza pa ligi ndiyo isankhe koyamba, mwauza mwini timu wodzaza benchi uja kuti kugonja kuli ndi malipiro. MLB yeniyeni inakumana ndi zomwezi, ndipo m'pangano la 2022 pakati pa eni matimu ndi bungwe la osewera anakhazikitsa mayere pa malo 6 oyambirira a draft, ochitika pakati pa matimu 18 amene sanafike ma playoff, masewera a kumapeto olimbirana chikho. Mayere oyamba anachitika mu Disembala 2022. Nationals ndiyo inagonja masewera ambiri chaka chimenecho, koma malo oyamba anagwera Pittsburgh Pirates, imene inasankha Paul Skenes, pamene Oakland Athletics, imene inali ndi mwayi wofanana ndi matimu awiriwo, inatsikira pa nambala 6. Inunso chitani mayere pakati pa matimu amene sanafike ma playoff, otsika kwambiri akhale ndi mwayi wokulirapo pang'ono koma wopanda chitsimikizo, ndipo achitike aliyense akuonera pa vidiyo.

Komanso musaope kwambiri munthu wosonkhanitsa anyamata. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mu 2013 Houston Astros inasankha Mark Appel pa nambala 1, Chicago Cubs n'kutenga Kris Bryant pa nambala 2. Bryant anakhala Rookie of the Year (wopambana pa osewera atsopano) mu 2015 ndi MVP (wosewera wopambana onse m'ligi yake) mu 2016, pamene Appel anadzaponya mpira wake woyamba mu MLB mu 2022, ali ndi zaka 30, atavala malaya a Philadelphia Phillies. Mike Trout, amene anadzakhala mmodzi wa osewera opambana kwambiri, anasankhidwa pa nambala 25 mu 2009. Kuno ku South Africa timakumbukira Gift Ngoepe, amene anasaina ndi Pirates mu 2008 n'kudzafika mu MLB mu Epulo 2017. Benchi yodzaza ndi anyamata a Single-A nthawi zambiri imangokhala benchi yodikira.

Chimene chimaononga ligi si kusunga anyamatawo, koma timu imene ikupereka mapointi aulere kwa aliyense wokumana nayo. Choncho ikani malire a malo a ma prospect, mwina 10 pa timu, oima paokha osakhudza benchi, ndipo lamulani kuti malo onse a osewera oyamba azikhala ndi anthu amene akuseweradi mu MLB. Wophwanya kawiri atsitsidwe malo pa draft.

Pa lamulo loti osankhidwa mu Julaye asakhudzidwe mpaka Febuluwale, pali kampata kamodzi koti mukatseke. Nolan Schanuel anasankhidwa ndi Los Angeles Angels mu Julaye 2023 ndipo mu Ogasiti chaka chomwecho anali atayamba kale kusewera mu MLB. Zotere sizichitikachitika, koma zikachitika lamulo lisanalembedwe mudzakangana sabata yathunthu. Maganizo anga ndi akuti wotereyu adikirebe draft, chifukwa mukamutsegulira FAAB ya mu Ogasiti adzagwera amene anangosunga ndalama zambiri, osati timu yofooka imene draft inayenera kuithandiza.

Wa ku Seattle wayankha:

Palibe amene wanena za nthawi imene mnyamata amasiya kukhala prospect, komatu popanda zimenezi malire a malo 10 alibe ntchito. Musavutike kupeka lamulo lanu. MLB imati wosewera si rookie (watsopano) akapitirira ma at-bat 130 (maulendo ake omenya mpira), kapena ma inning 50 (zigawo za masewera) ngati ali woponya, kapena masiku 45 pa mndandanda wa osewera a timu yaikulu. Tengani ziwiri zoyambazo zokha, poti manambala ake aliyense amawaona patsamba la wosewera, pamene kuwerenga masiku kumafuna munthu wokhala ndi kalendala. Akadutsa malirewo, mwini timu apatsidwe sabata imodzi kuti amukweze, amusinthanitse kapena amumasule. Maligi ena amalola kudikira mpaka nyengo ithe, koma kumeneko n'kupatsa munthu malo aulere obisamo wosewera wa MLB kwa miyezi. Ndi khalidwe lomwe lija limene anthu anadzudzula Cubs mu 2015, itasunga Bryant ku Triple-A, gawo lapamwamba la maligi ang'onoang'ono, mpaka pa 17 Epulo, zimene zinachititsa kuti aperewere tsiku limodzi lokha kuti chaka chake cha ntchito mu MLB chiwerengedwe chathunthu.

Lembaninso za osewera ochokera ku Japan ndi ku Korea. Yoshinobu Yamamoto anasaina ndi Los Angeles Dodgers mu Disembala 2023 pangano la zaka 12 la madola 325 miliyoni ali ndi zaka 25, pamene Roki Sasaki, poti anali asanakwanitse zaka 25, anasaina ndi timu yomweyo mu Januwale 2025 motsatira malamulo a anyamata ongoyamba kumene. Onse awiri anali akatswiri kale kwawo. Mukawasiyanitsa potsatira mtundu wa pangano mudzasokonezeka, choncho onse alowe mu draft ya Febuluwale, koma wazaka 25 kapena kuposerapo asaloledwe kukhala pa malo a ma prospect.

Woyang'anira ligi walembanso:

Ndathokoza nonse, akuluakulu. Chimene chikundivutabe ndi kasinthidwe kake. Mwini timu uja ali ndi anyamata oposa 10 amene anawatenga motsatira lamulo lakale, ndipo sanabe kanthu. Kodi ndimulande? Ndiponso ineyo ndili ndi timu m'ligi yomweyi, moti ena adzati ndikusintha malamulo kuti andikomere.

Wa ku Baltimore wayankhanso:

Musamulande, ndipo musasinthe chilichonse nyengo ili m'kati, kupatula lamulo la kudina lija ngati onse 12 avomera kulisiya lero. Zina zonse zilembedwe m'chikalata chimodzi, chitumizidwe kwa aliyense World Series, masewera omaliza a nyengo ya MLB, ikangotha, ndipo anthu aponye voti mu Novembala pa mfundo iliyonse payokha, osati chikalata chonse pamodzi, kuti wokana za mayere asagwetse nazo za FAAB. Mfundo idutse ikavomerezedwa ndi matimu 8 mwa 12.

Amene ali ndi anyamata opitirira malire apatsidwe kuyambira tsiku la voti mpaka sabata imodzi draft isanayambe kuti asinthanitse otsalawo ndi osewera ena kapena ndi malo a pa draft. Pamenepo khama lake lakale silitayika, chifukwa alipeza m'zimene anzake amupatse. Amene adzatsale osagulidwa alowe m'gulu losankhidwa mu Febuluwale.

Za inu ngati woyang'anira, ikani FAAB kuti izitsegulidwa ndi kompyuta yokha pa ola lodziwika, ndipo zotsatira zonse, kuphatikizapo mitengo ya amene alephera, zizionekera kwa aliyense. Musankhenso wachiwiri wanu, makamaka mwa anzanu a ku Lilongwe kapena ku Johannesburg, kuti iyeyo ndiye aziyendetsa mayere ndi kugamula mlandu uliwonse wokhudza timu yanu. Ola lotsegulira mitengo musaliike madzulo a Lamulungu masewera a ku West Coast asanathe. Liikeni pa 3 koloko m'bandakucha wa Lolemba ku New York, imene ndi 9 koloko m'mawa ku Lilongwe, kuti a ku America aike mitengo asanagone, a kumudzi aikonzenso atadzuka ndi kuona zotsatira za usikuwo, ndipo onse akhale ndi maola okwanira okonza timu masewera a Lolemba asanayambe.