Zithunzi za Njira ya Mtanda zikusupuka, tizigwire bwanji?

Wopenta wa ku Matero:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Bambo Mfumu andipatsa ntchito m'tchalitchi chakale muno mu Lusaka. Zithunzi 14 za Njira ya Mtanda ndi zoumbidwa ndi pulasitala ya Paris (ufa woyera umene amausakaniza ndi madzi n'kuuma gwa), zopentedwa pamanja. Za khoma lakum'mawa zikusupuka, makamaka cha 6, pamene Veronika akupukuta nkhope ya Yesu: tsaya lake latupa, utoto ukugwa ukangokhudza. Zina zada ndi mwaye wa makandulo. Akomiti akufuna ndipale ndi sandipepa, ndipake penti ya mafuta Lenti isanayambe.

Mmisiri womanga wa ku Chilenje:
Achimwene, yambani mwachotsa chithunzi chimodzi muone khoma kumbuyo kwake. Pali ufa woyera wonga mchere?

Wopenta wa ku Matero:
Ulipo, ndipo khomalo ndi lozizira. Linamatidwanso simenti pamwamba.

Mmisiri womanga wa ku Chilenje:
Vuto ndi limenelo. Makoma akale a laimu amatulutsa chinyezi, koma simenti imachitsekera mkati, ndiye chimatulukira poboola msomali, kumbuyo kwa chithunzi. Kwerani padenga muone ngati malata kapena ngalande zake sizikudontha. Mukapenta mvula ikugwa chonchi, pofika Pasaka zasupukanso.

Mayi wokonza ziboliboli wa ku Kabwata:
Sandipepa ayi, bambo, chonde! Mudzafafaniza zikope ndi milomo imene wosema anaivutikira, ndipo sizibwereranso. Madzinso ayi, pulasitala ya Paris imafewa ikanyowa. Jambulani chilichonse musanachigwire. Zotupazo muzigoneke chagada pa bulangete m'chipinda chouma, zidutswa zogwa muzisunge mu envulopu yolembedwa nambala. Fumbi muchotse ndi burashi yofewa. Pa mwaye, kulungani thonje pa kamtengo, mulinyowetse pang'ono ndi malovu, muzilipiringiza osati kutikita. Musaseke, okonza zithunzi m'nyumba zosungira zakale amachita zimenezi. Yesani kaye m'mphepete mobisika. Thonje likatenga mtundu, lekani pomwepo.

Kalipentala wa ku Garden:
Pobwezeretsa ndidzakudulirani timatabwa tomangira kumbuyo, kuti mpweya uzidutsa pakati. Misomali yadzimbiriyo tichotse, tiike masikuluu a bulasi. Mufunsenso ku National Heritage Conservation Commission, bungwe la boma loteteza malo ndi nyumba zakale, ngati nyumbayo ili m'kaundula wawo musanagumule simenti.

Wopenta wa ku Matero:
Nanga Akhristu adzapemphera bwanji Lachisanu lililonse la Lenti?

Mayi wokonza ziboliboli wa ku Kabwata:
Pamalo a zochotsedwazo ikani timitanda ta mtengo ndi manambala ake. Mpingo umafuna timitandato, zithunzi zimangothandiza maso. Kupenta kudikire mwezi wa June khoma litauma.

Wopenta wa ku Matero:
Zikomo nonse. Mawa ndikakumana ndi akomiti ikatha Misa ya m'mawa. Amayi, mungabwere mudzawafotokozere nokha za sandipepayo?

Mayi wokonza ziboliboli wa ku Kabwata:
Ndibwera. Cha Veronika chija musachigwire ndisanafike.