Mwana wokwanira miyezi sakuchoka pa CPAP, sabata yachisanu

CO (clinical officer) wa ku nazale: Anzanga, mutu waima. Mwana wamkazi, anabadwa miyezi itakwana, 3.2 kg, analira bwinobwino, meconium (chimbudzi choyamba cha khanda) panalibe. Tsiku lomwelo anayamba kubanika, lero sabata yachisanu ali pa Pumani, makina a CPAP othandiza kupuma. Tikangomuchotsa ma sats (mlingo wa oxygen m'magazi) amatsikira m'ma 70. Benzylpenicillin ndi gentamicin tinamaliza, ceftriaxone tinamaliza. Mayi alibe HIV, tawayeza kawiri. X-ray chifunga mbali zonse. Echo (sikani ya mtima) akuti mtima uli bwino. Chikundiopsa n'chakuti mwana wawo woyamba anapita chimodzimodzi ali ndi miyezi iwiri, komanso bambo ndi mayi ndi pachisuweni. Si vuto la surfactant (timadzi tothandiza mapapo kufutukuka) lobadwa nalo ili? Alipo anayesapo hydroxychloroquine?

Mdala wa TB: Achimwene, TB imeneyo. GeneXpert ya gastric aspirate (kuyeza TB m'madzi a m'mimba) mwapanga?

CO wa ku nazale: Kawiri, negative. Mayinso sakutsokomola.

Mdala wa TB: Kwa makanda Xpert imaphonya kwambiri. Mayi wa TB ya m'chiberekero satsokomolatu.

Dokotala wa ana: A ku nazale, maganizo anu si olakwika. Mwana wokwanira miyezi wooneka ngati wobadwa masiku asanakwane, m'bale wake atamwalira, makolo pachibale, timaganizira vuto la majini a surfactant, SP-B kapena ABCA3. Zonsezi mwana amatenga jini yolakwika kwa makolo onse awiri. Ya SP-C imakwana ndi kholo limodzi ndipo kawirikawiri imaoneka mochedwerapo. Ngati ndi SP-B, mankhwala palibe, ana ambiri sadutsa miyezi isanu ndi umodzi pokhapokha atawaika mapapo ena. Surfactant wa m'botolo amangopepusa kwakanthawi, vuto n'kubwerera. Hydroxychloroquine, azithromycin ndi methylprednisolone (steroid) ya masiku atatu mwezi uliwonse anthu amayesa pa ABCA3 ndi SP-C, koma umboni wake ndi wochepa. Musanafike kumeneko bwerezani echo, wojambulayo aone mitsempha yonse inayi yochokera m'mapapo, TAPVD (vuto loti mitsemphayi yalumikizika molakwika ku mtima) imabisala. TSH (kuyeza magazi koona chithokomiro) yezaninso, chifukwa vuto la jini ya NKX2-1 limagwira mapapo, chithokomiro ndi ubongo pamodzi. Chotsimikizira ndi kuyeza majini basi, magazi apite kunja.

Mdala wa TB: Ndiye mumupatse ma steroid ochuluka chonchowo mwana amene TB simunaichotse? Mumumaliza. Yambani mankhwala a TB a RHZE muone.

Wa ku pharmacy: Chonde hydroxychloroquine musayambe mwachisawawa. Tili ndi mapiritsi a 200 mg okha, syrup kulibe, ndiye kamwana ka makilo atatu muphwanya bwanji mlingo n'kukwana ndendende? Akachuluka pang'ono amasokoneza mtima. Kuphatikiza ndi azithromycin QT (gawo la kagundidwe ka mtima) imatalika, ECG yoyezera zimenezi muli nayo yogwira?

Sister wa naiti: Mwandikumbutsa wina tinali naye zaka zapitazo, miyezi iwiri pa CPAP, mphuno zonse zilonda chifukwa cha ma prong (timapaipi ta m'mphuno). Usiku wina magetsi anazima, jenereta osalira, tinachita kusinthana ambu bag (chopopera mpweya ndi manja) ine ndi mnzanga mpaka cylinder ya oxygen itapezeka. Anatsitsimuka, koma patapita sabata agogo ake anabwera kudzamutenga, ati ndi tsempho, bambo sanadzisunge. Banja linathera pomwepo. Nkhani ya chisuweniyo muilankhule mosamala, kumudzi akamva theka lokha mlandu ugwera munthu mmodzi.

Dokotala wa ana: Zoona asisita. Muwakhazike onse awiri pamodzi. Ngati ndi zimenezi, mimba iliyonse mpata woti mwana adwale ndi umodzi pa inayi, ndipo palibe walakwa. Pakali pano mkaka wofinya pa NG tube (kapaipi kodyetsera kodzera m'mphuno) usasowe, ana otere amatha thupi msanga ndi ntchito yopumayo. Mumutumize ku chipatala chachikulu cha central akadali wonyamulika, ndipo mukambirane ndi a palliative care (osamalira odwala matenda osachiritsika) lero, osadikira.

Mdala wa TB: Ine zaka 22 pa ntchito, za SP-B sindinazionepo. TB yobadwa nayo ndaiona. Mayiyo mwamujambula X-ray?

Sister wa naiti: Achimwene a ku nazale, mwana wagona bwanji?

Nesi watsopano: Pepani ndalowerera, alipo ali ndi ma prong a size 0 otsala? Kwathu atha kuyambira Lachiwiri.